Matayala Anayi a Che Jafali

Sabata yatha tinachita sadaka ya amjomba anga, Che Jafali, mlongo wawo wa malemu amayi anga. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Malindi, ena ku Namwera, ena oti ine sindinawaonepo. Ife azimayi tinali kuseri kwa nyumba tikupakula mpunga, koma mawu a abambo amene anakhala pamikeka kutsogolo ankatipeza. Shehe atamaliza pemphero la duwa, nkhani inangokhala imodzi: galimoto yawo yakale ija, ndi tsiku limene mkuluyo anacheka matayala atatu ooneka atsopano pamaso pa munthu amene anabwera kudzawagula. Wina anati ukalamba unali utayamba kuwasokoneza mutu. Wina anati kunali kuuma mtima, sankafuna kuti mwana wawo apezepo kangachepe. Ine ndinapitiriza kupakula, koma zinandiwawa. Amjomba sanasokonezeke mutu mpaka tsiku lawo lomaliza. Nkhani ya matayalawo ndimaidziwa kuchokera pachiyambi, ndipo tsiku la ngozi m'galimotomo ndinalimo. N'chifukwa chake ndati ndilembe zimene ndikudziwa.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wosavula kofiya. Kiyi wa galimoto ankamumangirira pachingwe m'khosi, mkati mwa malaya. Unyamata wawo wonse anayendetsa galimoto kwa mmwenye wina wa sitolo pa boma pano, kukatenga katundu ku Limbe. Mmwenyeyo posamukira kutauni anawasiyira galimoto imene ankakwera ndi banja lake. Inali yakuda, ya mphuno yaitali, kumbuyo kozungulira ngati msana wa kamba, mipando yachikopa, giya yake ili pachiwongolero. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu n'kuti itakalamba kale. Azungu opita kunyanja ankaima kuti aijambule. Bambo wina wa ku Blantyre amene amasonkhanitsa magalimoto akale anabwera kangapo kudzapempha kuti aigule. Amjomba ankamuphikitsira tiyi, kucheza naye bwinobwino, kenako n'kumuuza kuti munthu sagulitsa mnzake amene wakalamba naye.

Malamulo a galimotoyo tonse tinkawadziwa. Usanakwere unkayenera kusasa mchenga kumapazi. Nzimbe kapena mango sankadyeramo. Nsomba ndiye ayi ndithu. Madalaivala onse kuno akagula chambo amachimangirira pagalasi lakunja kuti chiziwombedwa ndi mphepo, koma iwo ankati galasi ndi loonera kumbuyo, si thandala loyanikapo nsomba. Akafuna ndiwo ankayamba adzasiya galimoto kunyumba, n'kubwerera kumsika wapansi. Ntchito yake yeniyeni inali kunyamula akwati, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, ndiponso ana otuluka ku jando amene makolo awo afuna kuti azungulire nawo tauni. Ankayendetsa pang'onopang'ono moti a njinga za kabaza ankawapitirira akuliza belu.

"Agogo, tikukankheni?"

Iwo ankangokweza dzanja. Chodzitama nacho chinali chimodzi chokha, ndipo ankachinena kawirikawiri: kuti chiyambireni kugwira chiwongolero sanakhetsepo magazi pamsewu, ngakhale a nkhuku.

M'zaka zawo zomaliza, atasiya kuyendetsa, anali ndi khalidwe lina limene linkatopetsa madalaivala a pa depoti. Akachoka kumzikiti ankadzera kumeneko, kuzungulira minibasi imene ikudzaza anthu, kunjuta, n'kuyamba kukanda pambali pa tayala ndi chikhadabo. Akatero ankafunsa kuti, "Ili linabadwa liti?" Bambo wa ku Blantyre uja ndiye anawaonetsa kuti pambali pa tayala pamakhala timanambala tosonyeza chaka chimene linapangidwa. Maso awo anali atafooka, ndiye ankaitana kondakitala kuti awawerengere.

"Mdala, mukufunsa zaka, mukufuna kulikwatira tayalalo?"

Iwo sankaseka. Ankati mizere yakuya isamanamize munthu. Mphira imakalamba ngakhale isakuyenda, imauma mkati mosaoneka, ndipo dzuwa la kuno limaifulumizitsa. Ena ankamva. Ambiri ankangokodolana kuti mdala wa matayala wafika. Khalidwe limeneli linayamba pambuyo pa ukwati wa mwana wanga Asiyatu, ndipo kuti zimveke bwino ndiyambire pamene Asiyatuyo anabadwa.

Nditabereka Asiyatu, bambo ake anali atapita ku Joni, ndipo sanabwerere. Amjomba ndiwo anali mwini mbumba, choncho mwanayo anakhala wawo. Tsiku lomupatsa dzina anamunyamula n'kunena, monga amachitira agogo kwathu kuno, kuti apeza mkazi watsopano.

"Ameneyu ndi wanga," anatero. "Koma ndikudziwa kuti kudzabwera mbala kudzandilanda. Tsiku limenelo ndidzamuperekeza ndekha, pa matayala oti sanapondepo dothi."

Tonse tinaseka. Koma chaka chomwecho atakolola mpunga anakwera basi kupita ku Blantyre, n'kubwerako ndi matayala anayi atsopano. Kusitoloko anawauza kuti saizi ya galimoto ngati yawoyo yayamba kusowa, ndiye anati aguliretu asanathe.

Anawakulunga m'masaka n'kuwakweza pamitanda ya denga, pansi penipeni pa malata. Palibe amene anadabwa. Ife kuno timadziwa kusunga. Munthu amagula lata limodzi chaka chino, lina chaka chamawa, mpaka nyumba idzafoleredwe. Nsalu yabwino imakhala m'sutikesi kudikira tsiku lake, ndipo akuluakulu ena amasunga ndi nsanda yomwe. Amjomba anawaona matayala ngati zinthu zimenezo. Chaka chilichonse Ramadhani ikamatha ankawatsitsa, kuwapukuta fumbi, kuwapaka oyilo wa injini monga amachitira ndi chikopa kuti chisaume, n'kuwakwezanso. Ankawala kuposa nsapato za apolisi. Galimoto yeniyeniyo inkayendera matayala akaunjika a zigamba zokhazokha, koma poti maulendo ake anali a pa boma pompano, zinkatheka.

Amene ankalimbana nawo anali akazi awo, Abiti Daudi. M'nyumba imeneyo munkamveka mikangano iwiri yokha, wa shuga amene amjomba ankathira mu tiyi ndi wa matayala. Nyengo yotentha fungo la mphira linkatsika kudenga mpaka m'chipinda, ndipo makoswe anali atapeza nyumba m'masakamo.

"Inu, zinthu zanuzi zikupsa m'mwambamu," Abiti Daudi ankatero. "Patapata wanga ndinamuiwala padenga la khitchini chilimwe chimodzi, ndinakamupeza atang'aluka. Mphira yomangira nkhuni panjinga ikakhalitsa imaduka yokha. Nanga awa ndi achitsulo?"

"Patapata ndi patapata. Chinthu choti sichinagwirepo ntchito chingatope bwanji?"

"Nanga Abiti Chande kuseriku? Sanakwatiwepo, sanaberekepo, koma lero akuyendera ndodo."

"Asiyeni anthu a eni ake."

Ankaseka onse awiri, matayala n'kukhala momwemo. Chaka china kutagwa njala, Abiti Daudi anawachonderera kuti agulitseko awiri okha. Amjomba anagulitsa mbuzi, anagulitsa njinga, anagulitsa wailesi, koma kudenga sanakwereko. Ankati amenewo ndi a Asiyatu, iwo akungomusungira. Asiyatu naye anakula akudziwa. Akabwera ndi anzake kunyumba kwa ambuje ake ankawalozera m'mwamba n'kunena kuti awo ndi matayala a ukwati wake.

Atapitirira zaka makumi awiri anamufunsira Rashidi, mnyamata wogulitsa nsalu ku Chiponde. Ukwati unaikidwa mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo. Dzulo lake amjomba anatsitsa matayala aja n'kupita nawo kwa okonza matayala kuti akawaveke. Anthuwo anavutika nawo kwambiri chifukwa anali gwa ngati mtengo. Amjomba anabwerako akusangalala, akuti umenewo ndiwo umboni wakuti zinthu zakale zinali zolimba, osati za masiku ano. Anthu a m'mudzi anabwera kudzaona. Mizere inali yakuya yolowa chala, ndipo titsitsi tamphira timene timakhala patayala latsopano tinali tikadalipo.

M'mawa nikaha, mwambo womanga ukwati, inachitika kumzikiti. Titadya, masana, tinanyamuka kuperekeza mkwati kwa mwamuna wake. Rashidi ndi abale ake anatsogola panjinga zamoto. Ife tinali pakati: amjomba pachiwongolero, beseni la mbale zamphatso pampando wakutsogolo, ine ndi Asiyatu kumbuyo. Pambuyo pathu pankabwera lole ya azimayi oimba, ndipo Abiti Daudi anali mmenemo.

Titawoloka mlatho wa Shire amjomba anayang'ana Asiyatu pagalasi.

"Mkazi wanga, mpata ukadalipo. Ndikhote tibwerere?"

Mkwati sayenera kuyankhula, koma Asiyatu anayankha pansi pa nsalu imene anafunda kumutu. "Ambuje, inu mumagona nkhuku zisanalowe. Ndizicheza ndi ndani?"

"Mwamva, amake Asiyatu? Ndamulera ndekha, lero akundinyoza chifukwa cha wogulitsa zitenje."

"Yang'anani kutsogolo, amjomba," ndinatero ine.

Pachidikha anathamangako kuti asatsalire kwambiri njinga zamoto zija. Galimotoyo inali isanathamange choncho kwa zaka zambiri, ndipo phula linali lofewa ndi kutentha. Amene anapitako ku Chiponde amadziwa mmene msewu umakhotera m'mapiri aja, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Titakwera ndithu, pamalo pamene msewu umatsika pang'ono usanakhotenso, ndinamva galimoto ikunjenjemera. Kenako kutsogolo kunayamba kumveka phaphapha, ngati munthu akuomba mkeka ndi ndodo. Tisanafunse n'komwe kunaphulika. Galimoto inakokera kuphompho.

"Gwiranani!" anafuula amjomba. "Bismillah!"

Sindinaone zambiri. Ndinaona mapewa awo okha, atagonera chiwongolero ndi thupi lonse. Sanaponde buleki mwamphamvu, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti akanatero tikanagubuduka. Anaikoka mpaka inabwerera mumsewu, inakakhula thanthwe ndi mbali yake, inakwekwereza kamtunda, n'kuima. Mbale zonse zinasweka. Asiyatu anamenyetsa nkhope pachitsulo cha mpando wakutsogolo. Nditachotsa nsalu kumutu kwake ndinapeza pamwamba pa diso patang'ambika, magazi akutsikira padiresi.

Lole inaima, nyimbo zinasanduka kulira. Amjomba anatuluka, anatsegula chitseko chathu, anaona magaziwo. Kenako anabwerera mumsewu pamene panagona chinthu chakuda chachitali. Chinali chipamwamba cha tayala, chitasendeka chathunthu ngati khungwa la mtengo, mizere yake ikadali yatsopano. Anachitola n'kuchipinda ndi manja awiri. Chinathyoka ngati makaka. Pothyokapo ndi pamene tinaona timing'alu tambirimbiri timene oyilo uja ankatibisa.

Abiti Daudi anatsika m'lole n'kubwera. Ine ndinkadikira kuti anene kuti anawachenjeza. Anayang'ana mphirayo, anayang'ana amuna awo, kenako anavula chitenje chapamwamba n'kumanga mutu wa Asiyatu. Atatero anatenga botolo la madzi n'kuwapatsa amjomba.

"Imwani," anatero.

Za patapata sanazitchulenso mpaka lero.

Rashidi anabwerera ndi njinga yake yamoto n'kutenga Asiyatu kupita naye kuchipatala chapafupi, kumene anamusoka. Kwa mwamuna wake anakafika panjingapo, diresi atalipinda m'miyendo, bandeji kumutu. Ukwati unapitirira, anthu anadya. Amjomba anakana kukwera lole. Anatsala ndi galimoto m'phirimo mpaka anapeza woikoka kubwerera ku boma, ndipo mpunga wa ukwati umene anaudikira zaka zonsezo sanaulawe.

Patapita masiku angapo ndinapita kukawazonda, ndipo ndi tsiku limenelo limene anthu amalinena. Mwana wawo Yusufu anali atavula matayala atatu otsala aja n'kuwatsamiritsa pakhoma. Anali atabwera ndi bambo wina amene amanyamula anthu pa kagalimoto kakale ka matola mumsewu wa ku Malindi. Bamboyo anali atawasaka matayala a saizi imeneyo kwa nthawi yaitali, ndipo ankawasisita ngati ng'ombe za pamsika. Yusufu ankafuna kuti zimene apezepo akonzere mbali ya galimoto imene inaphwanyika.

"Baba, awa alibe vuto," anatero Yusufu. "Taonani mizere. Lija linali tsoka chabe, mwina linaponda msomali."

Amjomba anatembenukira kwa mlendoyo. "Achimwene, mumanyamula anthu angati?"

"Mmene Mulungu wapatsira, mdala. Tsiku la msika ena amakhala pamwamba pa matumba."

"Ndi ana omwe?"

"Ana ndiye sitiwerenga."

"Dikirani pang'ono."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje ndi mpeni wosendera mbuzi. Anagoneka tayala loyamba pansi, analiponda ndi bondo, n'kuyamba kucheka pambali.

"Baba! Mukutani?"

"Anabadwa tsiku limodzi, akhala denga limodzi. Mnzawo wafa. Awa atsala ndi chiyani?"

"Ndiye mwati tiponye m'madzi zinthu zatsopano?"

"Iwe ndi mnzakoyo mukuona zatsopano. Ine ndinaona magazi a Asiyatu."

Inali ntchito yaitali kwa munthu wokalamba. Thukuta linanyowetsa kofiya, koma palibe amene anayerekeza kuwagwira mkono. Anacheka onse atatu, lililonse malo awiri, kuti munthu asadzayese kuika chigamba. Mlendo uja ananyamuka akupukusa mutu, ndipo ndi iyeyo amene anafalitsa pa depoti kuti Che Jafali mutu wabalalika. Yusufu anakhala miyezi yambiri osaponda pakhomo pa bambo ake. Anadzagwirizana pa Idi, koma nkhani ya matayala sanaikambiranenso.

Amjomba sanayendetsenso. Yusufu anadzakonzetsa mbali yophwanyika ija, ndipo bambo wa ku Blantyre anati angathe kuwapezera matayala ena. Iwo anathokoza n'kukana. Anati dzanja lawo lakwana pamenepo. Galimoto inangokhala pa njerwa, koma ankaipukutabe m'mawa uliwonse akachoka kuswala kumzikiti, ndipo kiyi sanamuvule m'khosi. Mawu aja akuti sanakhetsepo magazi pamsewu sindinawamvenso. Munthu wina akawatchula pofuna kuwatamanda, iwo ankamudula n'kunena kuti anakhetsapo, a mdzukulu wawo, ndipo chinawakhetsa si liwiro koma kusunga.

Chimene chinawavuta kwambiri chinali chipsera cha Asiyatu. Asiyatu akabwera kudzacheza, amjomba ankamulonjera akuyang'ana pansi, kenako n'kupeza chifukwa chopitira kumzikiti nthawi isanakwane. Mtsikanayo anadandaula kwa ine kuti ambuje ake amuda. Ndinamuuza kuti sanamude, akuchita manyazi. Zinatha atabereka. Anabwera ndi khanda lake, lalikazi, anawapeza atakhala pakhonde, n'kungowaika mwanayo pamiyendo asanapeze mpata wodzuka.

"Ambuje, nayu mkazi wanu wina. Koma uyu musamugulire kanthu. Adzakwera kabaza."

Amjomba anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamuyang'ana Asiyatu kumaso, anatambasula dzanja n'kukhudza chipseracho ndi chala chachikulu.

"Chimapweteka?"

"Kukazizira chimayabwa basi. Rashidi amati ndi chizindikiro chanu, kuti aliyense adziwe kuti anakulandani."

"Mbala ili ndi mwano imeneyo," anatero amjomba, n'kuyamba kuyang'ana mwana.

Anadwala nthawi yochepa. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira, anagona sabata ziwiri, n'kumwalira Lachisanu m'mawa. Anaikidwa tsiku lomwelo itatha swala ya masana. Ife azimayi sitipita kumanda, choncho tinaima pachipata tikuona jeneza yonyamulira maliro ikuyenda pamapewa a anthu mpaka inakhota. Pagulupo ndinaonapo madalaivala a pa depoti ndi makondakitala awo, ena mwa omwe aja ankawaseka.

Galimoto inachoka sadaka isanachitike. Abiti Daudi anati sangathe kumaiona m'mawa uliwonse ili ndi fumbi, ndipo iwo kuipukuta sangakwanitse. Yusufu anatumiza uthenga kwa bambo wa ku Blantyre uja. Anabwera ndi lole yaikulu, anaikokera pamwamba ndi zingwe, anapepesa maliro, n'kupita.

Pamene inkaima, pakati pa nyumba ndi mtengo wa mango, patsala malo aatali a dothi lakuda pamene udzu sumera. Njerwa zimene zinkaichirikiza Yusufu anatenga kukakonzera bafa. Masana nkhuku zimasamba fumbi pamenepo, ndipo mbuzi za aneba zayamba kugonapo. Kanjira kochokera pakhomo kupita kukhitchini kamakhota pamalopo, kuzungulira, ngakhale kuti tsopano palibe chotchinga. Tsiku la sadaka ndinaona alendo akudutsa pakati penipeni ndi mbale zawo. Ife a pakhomo tonse tinkazungulira, ndi Yusufu yemwe. Dzulo m'mawa ndinapeza Abiti Daudi akusesa bwalo. Anasesa mbali ina, anasesa mbali inayo, pakatipo anasiya masamba a mango ali mbwee, n'kukatsamiritsa tsache pakhoma.